Chiboliboli Chopanda Mphuno

Kuno ku Roma, pamphambano pomwe ogulitsa nsomba amatayira madzi,
pali chiboliboli chopanda mphuno, choduka manja,
koma kukacha chimapezeka chitalankhula.

Pakamwa pake ndi mwamuna wanga, Ermete, wometa anthu.
Masana lumo lake limayenda mwaulemu pakhosi pa akuluakulu:
"Bwana, dazi likutha ili, tsitsi likubwerera ndithu."
Usiku amasongola nthenga yolembera.
Yanga ntchito n'kuphika phala la ufa wa tirigu
lomatira pepala pamimba pa mwalawo
belu la kutchalitchi lisanalire.

Mwezi watha analasa Gaudenzio, mkulu wa masikelo:
"Buledi waonda, womuyeza wanenepa.
Ufa wosowawo tikaufune m'lamba wa yani?"
Mzinda unaseka mpaka nthiti kuwawa.
Amayi ochapa ku Tevere anauloweza mawuwo,
wansembe anabisa mano m'kampango.
Gaudenzio anatuma asilikali awiri kukalondera.
Akamanga ndani? Mwala sulowa unyolo.

"Mutu ukakula sulewa nkhonya," anatero Ermete,
akudzisisita pachifuwa.
"Chipongwe chabwino chili ngati lumo langali,
chimadya ndevu n'kusiya khosi."
Buledi sanakule ngakhale pang'ono.

Lachinayi phala linatsalako m'mbale.
Ndinaliyang'ana nthawi yaitali.
Zilembo ndinazidziwa kale, pomuyanikira mapepala pamoto
zaka khumi ndi chimodzi, iye osafunsa.

Kutacha, mwala unati:
"Alipo wometa wina amawerenga machimo a mzinda wonse,
ufa wa ana ake ukuthera pa ine,
ndipo ngongole yake ya vinyo kwa Settimia
yamera ndevu zofika m'mawondo. Aimeta liti?"

Anabwera masana nkhope ili gwa.
"Uku si kulemba, ndi mwano wa pamsika!
Mzere wachitatu ukuchita kutsimphina!"
Ndinamuikira nyemba patebulo,
ndinati chapansipansi, wakwiya ndi mfiti.
Anasiya supuni m'mwamba.
Maso ake anatsikira pa chikhadabo changa,
pomwe inki inakana sopo.

Usikuwo sanatuluke.
Ndinagona chopenya, kuyang'ana kukhoma,
ndikumumva mumdima akung'ung'udza mawu anga,
akuwawerenga ndi zala pa thabwa la bedi,
kufunafuna pomwe mzere wachitatu unathyoka mwendo.

Kenaka, kamodzi kokha, kudzera m'mphuno,
anaseka.