Chitsulo Sichidandaula

Ku Ginnery Corner, kuseri kwa ogulitsa matayala,
kuli chitseko chobiriwira chopanda chikwangwani.
M'menemo ndinaphunzira ntchito kwa a Matewere,
amene anakonza mfuti za boma zaka makumi awiri ndi mphambu
napuma pantchito ndi zala zisanu ndi zitatu.

Lachiwiri lina la chiperoni
analowa a Namakhwa a ku Mpemba, jekete ili chonyowa,
chiphaso m'kapepala ka pulasitiki,
mfuti ya malemu bambo awo m'thumba la feteleza,
ndi kabokosi ka zipolopolo zatsopano, zonyezimira.
Nguluwe zandithera chinangwa, anatero.
Izi ndagulazi ndi zaukali, akuti zimagwetsa ndi njati yomwe.
Zikulowa bwinobwino.
Ndinaombako chimodzi dzana,
kungoti chotsekera chinakakamira,
mpaka ndinachigogoda ndi mpini.
Mungondithirira mafuta.

A Matewere sanayankhe.
Anasolola chotsekeracho, nachigoneka pa nsanza,
nandituma palafini ndi mswachi wakale.
Ndinatsuka. Girisi wa zaka zambiri anasungunuka,
wakuda ngati madzi a Mudi kumunsi kwa mafakitale.
Kenaka tochi, ndi galasi lawo lothyoka chogwirira.

Bwerani muone, anatero.
Mano awiri awa.
Chipolopolo chikamathawira kutsogolo
ukali wake umabwerera m'mbuyo,
ndipo pakati pa moto ndi diso lanu
palibe khoma, palibe pemphero,
pali mano awiriwa basi.

Patsinde pa dzino limodzi panali mng'alu,
wochepa ngati tsitsi la khanda.
Ine ndinauona nditauzidwa kawiri.

Mfutiyi inasulidwa wonga ukadali wofatsa.
Kulowa si kukwanitsa, achimwene.
Minibasi ya ku Ndirande imalowa anthu makumi awiri,
koma kafunseni masipuling'i ake
pokwera chitunda.

A Namakhwa anaseka mosakondwa.
Bambo anga anaigwiritsa zaka makumi anayi,
sinawalumepo ndi tsiku limodzi.

Ndiye zaka makumi anayizo zili momwemu.
Chitsulo sichidandaula.
Chimangolemba, monga wa golosale m'kope lake,
kuomba kulikonse, dzimbiri la dzinja lililonse,
ndipo tsiku lodzatenga ngongole sichitumiza mwana.
Dzana chinakakamira. Kumeneko ndiko kulankhula kwake konse.

Atatero anaika dzanja lamanzere patebulo,
lija amalibisa m'thumba polonjera alendo.
Chala chachikulu ndi cholozera
zinatsala pabwalo loyesera mfuti, kalekale.
Tsiku limenelo, anatero,
chipolopolo chinalowanso bwinobwino.

Mvula inkagogoda malata.
Panja wina ankakhoma limu ndi nyundo.

Anakana kuthira mafuta.
Anakana ndi ndalama zomwe, zitatambasulidwa kawiri.
Analemba pakapepala: Isaombedwenso,
namanga ndi ulusi pa chokhethemulira.
Ikolekeni pakhoma, muzikumbukirapo bambo anu.
Zipolopolozi kabwezeni kumene munagula.
Nguluwe mukakambirane ndi a zanyama.

A Namakhwa anabweza zonse m'thumba la feteleza
osatsanzika.
Ndinawaona akuoloka msewu pakati pa magalimoto,
kapepala kaja katatulukira kukamwa kwa thumba,
kakunyowa.

Sanabwerenso.
Kapena mfutiyo ili pakhoma ku Mpemba,
pamwamba pa kalendala yakale.
Kapena kapepalako kanaduka asanafike pa siteji.
Sitinamve.

Koma chipatala cha Kwinzi chili pafupi ndi ife,
ndipo mwezi wonsewo ambulansi ikamalira
a Matewere ankaimitsa tupa m'mwamba,
kumvetsera mpaka itakhotera pa geti.

Lero benchi ija ndi yanga.
Galasi lija ndinalimanga ndi waya.
Munthu akalowa akumwetulira,
nati zikulowa bwinobwino,
ndimayamba ndaitanitsa palafini,
ndipo pansi pa tebulo, osadziwa,
ndimapezeka ndikuwerenga zala.