Fupa Silidziwa Wolakwa

Mwendo umene unathyoka ndi wakumanja,
uja umapalasa makina osokera
pakhonde la golosale ya a Mwatitha ku Kawale.
Linali Lachiwiri, pa Biwi,
minibasi yathu itagundana ndi lole ya simenti,
ine nditafungatira mpukutu wa nsalu yobiriwira,
mayunifolomu makumi atatu osadula n'komwe.

Ku Kamuzu Central anandimanga chikhakha.
Dokotala sanafunse amene anayamba kukhota.
Anangokweza chithunzi cha fupa pawindo
nati, milungu khumi, mayi, musaponde pansi.

Koma ku ofesi ya inshuwalansi,
masitepe makumi anayi ndi ndodo ziwiri m'khwapa,
funso linali lina.
Lipoti la apolisi lili kuti?
Ndinabwera nalo. Chidindo n'chofufutika.
Ndinabweranso, akulu ali kumaliro.
Walole akuti minibasi inamulowerera,
waminibasi akulumbira pali mayi ake
kuti lole inalibe mabuleki,
kondakitala anazimiririka ndi chenji changa.
Mnyamata wa tayi yofiirira sanali woipa mtima,
anandikokera mpando, nandipatsa madzi.
Mpaka wolakwa adziwike, mayi, fayilo yanu igone kaye.

Igone.
Lendi sagona.
Aphunzitsi aakulu anapereka ntchito ija kwa telala wa ku Mchesi.

Usiku wina mlongo wanga Dziwani,
amene amasambitsa okalamba kutsidya kwa nyanja zamchere,
anandiimbira foni mawu akudukaduka.
Akuti kumene ali, inshuwalansi imayambira pa bala:
ilipira mankhwala, ibweza kena
pa masiku amene manja ako akhala pansi,
za wolakwa azikangana okhaokha pambuyo.
Akuti ndalamayo ili ndi polekezera,
ndipo posinthana, sungathamangire kukhoti pa ululu uliwonse.
Si kumwamba, achemwali, anatero,
mapepala aliko nakonso.

Ndinaseka mpaka nthiti kupweteka.
Khoti ine ndilitani?
Ndikufuna mafuta a makina, ulusi wakuda,
ndi ya kabaza yopitira kukachotsa chikhakha.

Fupa silidziwa wolakwa.
Linathyoka osafunsa laisensi ya munthu,
ndipo likulumikizana lokha mumdima,
kuyabwa kumene sindingathe kukanda,
osadikira siginecha.

Tsopano Tiyanjane akaweruka kusukulu
amakhala pansi pa tebulo, kupalasa ndi manja,
ine ndikuwongolera nsalu pamwamba.
Msoko ukupita mokhota ngati msewu wa ku Chinsapo,
timausula, timayambanso.
Mwendo wakumanzere nawo wayamba kuphunzira,
waulesi, wamanyazi ngati mkamwini watsopano.

Nambala ya fayilo ndinailoweza pamtima.
Lolemba ndikakweranso masitepe aja.
Ndamusokera mnyamata wa tayi kampango ka m'thumba
kuchokera ku nsalu yobiriwira ija,
mbali imene sinadonthere magazi.
Si chiphuphu ayi.
Ndikungofuna akamatsegula kabati
akumbukire kuti pepala lija lili ndi mwendo.