Makiyi a Nyumba ya Mpingo

Lole ya a Msulira ibwera Lachinayi
ikatsitsa fodya ku Chinkhoma.
Akulu a mpingo anandipatsa miyezi itatu;
ndadya iwiri ndi theka ndikuyang'ana khoma.
Pomwe panali kalendala
patsala msomali ndi chigamba choyera.

Zaka khumi ndi zinayi pa Santhe pano
dzina langa linali Mayi Busa.
Kwathu ku Chulu ndikakhala Elufe,
mwana wa malemu uje, uja anakwatiwa ndi abusa.
Dzinalo likundithina ngati diresi la pa ukwati.

Mipando ndi ya mpingo. Bedi ndi la mpingo.
Mapapaya kuseriku ndinabzala ndine,
koma mtengo sukwera lole.
Adzadya ana a abusa atsopano,
amene ndamva ali ndi njinga yamoto.

Mabuku anu, bambo, ndiwo andifoola nkhongono.
Makatoni atatu a sopo, imodzi chiswe chinalawa kale.
Ndimati ndigawire alaliki achinyamata,
koma ndatsegula lakuda lija, lomata ndi selotepi,
ndapeza dzanja lanu m'mphepete mwa masamba:
"Maliro a kwa Nkhambule, mvula, manda anagumuka."
"Malata khumi sitinalipire."
"Osalalikira izi ndili wokwiya."
Ndipo pena, ndi pensulo yofooka,
pambali pa nkhani ya munthu wochoka kwawo osadziwa kopita,
munalemba kuti: "Elufe saopa. Woopa ndine."

Munalakwitsa, abusa.
Ndinkaopa ku Chamama, denga litasasuka tili m'pemphero.
Ndinkaopa chaka cha njala chija
pamene chopereka chinali maungu awiri ndi dzira.
Ndinkangomanga duku loyera molimba
kuti amayi asaone mutu ukunjenjemera.

Kale ndinkawerenga Mawu ngati wothyola ndiwo za alendo,
mothamanga, dzuwa likulowa:
vesi la odwala, vesi la ofedwa, vesi la pa chinkhoswe.
Lero palibe wondidikira pakhonde ndi funso la m'kalasi.
Ndimawerenga mzere umodzi, magalasi anu ali pamphuno panga,
n'kukhala nawo mpaka tiyi kuzizira.
Mizere ina sindiyankha.
Ndimaisiya, n'kukatsuka mbale,
pobwera ili pomwepo, ngati mlendo wosafulumira kunena chomwe wadzera.

Dzulo kunafika mtsikana wa kwa Kachiwanda,
mwana kumsana, diso lotupa.
Sanafunse za abusa. Anati, "Amayi alipo?"
Tinakhalira makatoni, poti mipando anaiwerenga kale.
Ndinamuthowa ndi madzi ofunda,
pemphero lathu linali lalifupi, lopanda vesi,
ndipo ndinamuperekeza mpaka kwa azakhali ake, kuseri kwa chigayo.
Pobwerera ndinaseka ndekha m'njira:
Ambuye, kodi simunamve kuti ntchito inatha?
Kalata ya akulu a mpingo sinakupezeni?

Makiyi ndawamanga pa kansalu, alipo atatu.
Chitseko cha kukhitchini chimafuna bondo,
ndidzawauza.
Ndidzawauzanso za gogo Chimkwita,
amene samva bwino koma amakwiya mukamukuwira,
ndi za belu, kuti chingwe chake chatsala pang'ono.
Zina adzazipeza okha, monga tinazipezera ife.

Njere za papaya ndayanika pa nyuzi.
Kaya dothi la ku Chulu lidzazilola.

Buku lakuda silikwera kumbuyo ndi mtondo ndi nkhuku.
Ndidzalifukata kutsogolo, pambali pa dalaivala,
ndipo tikamadzadutsa pa boma, phiri la Kasungu litatiyang'ana,
ndidzatsegula pomwe munalemba paja.
Lole idzagwedeza dzanja, zilembo zidzapindika,
komabe ndi kapensulo kanu komweko
ndidzaika tsiku, ndi mawu awiri pansi pa anu:
"Ndikuopa. Ndikupita."