Theka M'mawa, Theka Madzulo

Theka m'mawa, theka madzulo,
anatero mnyamata wa ku ofesi ya ziweto,
akupinda kapepala ngati wandigulitsa mchere.
Ndinaseka. Zaka makumi atatu ndi ziwiri
ndinali namwino pachipatala chachikulu cha Chipata.
Ndamwetsapo azibambo a ndevu zawo,
ana oluma mano ngati pulayazi,
ndi mkulu wina wa mpingo wobisa kwinini m'chipewa.
Mphaka n'chiyani?
Chilonda cha pamwendo chokha,
chimene anakachitola pa ndewu za usiku pamadenga a ku Kapata.

Lolemba ndinakwirira piritsi m'kamulu ka kapenta.
Sajeni ananunkhiza, n'kuyamba kudya mozungulira,
mitu, maso, timichira tomwe,
kanthu kaja n'kukasiya pakati pa mbale
atakanyambita bwino, koyera kuposa kale.

Lachiwiri ndinapera ndi supuni, n'kuthira mumkaka.
Anandiyang'ana monga amachitira mayi wa pamsika
ukamupatsa ndalama yong'ambika,
n'kukwera pathumba la makala, n'kundipatsa msana.

Lachitatu ndinamasula chitenje.
Tikambenji, mdzukulu wanga, anagwira miyendo yakumbuyo,
ine n'kumukulunga ngati khanda lopita ku sikelo,
mutu wokha pamtunda, makutu atagona.
Ndinatsina m'mbali mwa nsagwada, kukamwa kunatseguka,
kofiira, kwa mizeremizere ngati malata.
Ndinaponya, ndinatseka, ndinasisita pakhosi,
ndinawerenga mpaka makumi awiri.
Anameza. Ndinaona ndi maso angawa, anameza!
Kenako chitenje chinaphulika.
Mizere inayi padzanja langa ikudzaza magazi,
Tikambenji ali pamwamba pa tebulo,
a Mshanga akusuzumira pampanda:
"Amake Zelipa, mukupha mbuzi osatiitana?"

Madzulo, ndikusesa kuseri kwa kabati,
ndinalipeza, lonyowa, litamata ubweya.

Ndinakhala pansi, tsache lili m'manja.

Kuseri kwa kabati yomweyi, chaka chatha,
anthu a pamaliro atabalalika,
ndinapeza mapiritsi a bambo ake Zelipa,
aja a kuthamanga kwa magazi.
Makumi anayi ndi asanu ndi awiri.
Ndinawawerenga, si kuwerenga inali ntchito yanga?
M'mawa uliwonse ankayasama pamaso panga:
"Onani, Sisitala, zapita,"
ine n'kulandira kapu, n'kutembenuka.
Mphakayu amakhala pamiyendo pawo,
akuonerera, akuphunzira.

Lachinayi sindinagule kapenta.
Ndinatseka chitseko, ndinatseka zenera,
Tikambenji ndinamutuma kukagula machesi kutali.
Ndinagwada pasimenti, mphaka pakati pa maondo,
piritsi ndinamuonetsa poyera: ili, bwana, ndi lowawa,
sindikunyengereranso.
Analira kulira kochokera m'mimba,
kumene sindinkadziwa kuti nyama yaing'ono ili nako.
Anandiluma chala chachikulu mpaka kufupa.
Sindinasiye.
Ndinawerenga makumi awiri, n'kupitirira,
makumi asanu, zana,
ndikumva mtima wake ukugunda m'chikhatho changa
ngati njinga yamoto yokwera chitunda.
Kenako ndinatsegulanso kukamwa kuja,
n'kusuzumira kunsi kwa lilime, m'masaya monse.
Mwamuna wanga sindinamutukulepo lilime,
ulemu unkandigwira dzanja.
Iwe ndikutukula, undide ngati ufuna.

Munalibe kanthu.

Tsopano wakhala pampando wa malemu,
kumene khushoni inalowa m'kati,
akudzinyambita malo onse amene ndinamugwira
ngati ndamupaka matope a mu Lunkhwakwa.
Sandiyang'ana. Ndikamuitana amagwedeza khutu limodzi.
Dzuwa lachoka pa phiri la Kanjala,
ine ndikudzipaka sipiriti, ndikudzimanga ndekha bandeji,
mfundo yake ndikukoka ndi mano.

Pakapepala patsala matheka asanu ndi anayi.
Zala ndili nazo khumi.