Makilo Makumi Awiri ndi Atatu

Asiyatu watumiza mawu pa foni,
mphindi zinayi osapumira:
Ababa, lembani, mutu wanuwo musaudalire.
Ndalemba m'kabuku ka miyeso,
m'munsi mwa chiuno cha Che Ajibu,
mainchesi makumi anayi, ngongole ya thalauza sanamalize.

Pasipoti.
Ndinaidikira mpaka mango anapsa nkutha,
ndipo pachithunzipo ndikuoneka ngati munthu amene amubera mbuzi.
Ndajambulitsa fotokope ziwiri pafupi ndi depoti,
ina m'sutikesi, ina m'kathumba
kamene ndasokerera mkati mwa malaya, cha pamtima.
Wakuba akafikapo, ndiye kuti wandivula kale.

Kadi lachikasu la katemera.
Namwino pondibaya anafunsa,
ku Komoro nkuti, madala?
Ndinati, udutse Namwera, udutse Chiponde,
uyende Mozambiki yense mpaka pothera dziko,
ukafika pamenepo usaime.

Ndalama.
Akuti kwacha ikawoloka nyanja ya mchere imasanduka pepala.
Ku banki anati mubwere mawa,
mawalo linabala mawa linzake.
Tsopano ndili ndi timadola tisanu ndi kamodzi, tosalala,
tokulunga m'pulasitiki ya shuga
kuopa thukuta langa lomwe.

Pulagi yathu ili ndi mano atatu,
makoma a kwa mkamwini ali ndi mabowo awiri.
Ngakhale magetsi amafuna nkhoswe.
Ndagula kolumikizira kwa mnyamata wa pamlatho,
walumbira kuti nkolimba, maso ali kumbali.

Mapiritsi a kuthamanga kwa magazi, a mwezi ndi theka,
pamodzi ndi kalata ya adokotala,
kuti pa bwalo la ndege asandiyese wamalonda.
Mafuta othamangitsa udzudzu.
Ambulera, poti mvula yake akuti siigogoda.
Mkeka wopemphererapo, chipewa choyera,
patapata, ndi nambala ya mwana wanga
yolembedwa ndi bolopeni papepala,
chifukwa foni imafa nthawi imene ukuifuna.

Lachinayi ndakweza sutikesi pa kabaza
mpaka kwa Twaibu wogula nandolo ku M'baluku.
Waikoloweka pa sikelo, muvi wanjenjemera,
waima pa makumi awiri ndi asanu ndi limodzi.
Che telala, atatu atsike.
Sikelo yako timaidziwa, ndatero,
pogula imachotsera, lero yayamba kuwonjezera?

Tatsegula pomwepo, anthu akuona.
Jekete ya ukwati yatuluka, kumeneko nkotentha ngati kwathu kuno.
Simbi yatuluka.
Chambo chowamba, chokulunga m'nyuzipepala zitatu,
Twaibu wachinunkhiza nkuseka:
mukupititsa nsomba kwa eni nyanja?
Chatsala m'manja mwake,
ndipo sanaoneke wachisoni.

Kwatsala theka la kilo.
Dzanja lake lapita pa kamtolo ka pansi penipeni.
Ndaligwira.

Muli timadiresi titatu mmenemo.
Zaka makumi atatu ndi zinayi pakhonde la sitolo ya Mmwenye
sindinadulepo nsalu ndisanamuyese mwini wake,
koma uyu ndimangomuona pagalasi la foni,
nkhope ngati chikhatho, akuyamwa chala.
Ndiye ndasoka kakang'ono, kokulirapo, ndi kena kokula ndithu,
kamodzi mwa ito kadzavomera.
Mabatani ndachotsa pa bulauzi ya malemu mayi ake Asiyatu.

Ndatulutsa nsapato zachikopa,
ndidzazivala kumapazi ngakhale zimaluma.
Muvi wabwerera pamalo pake.

Usiku uno ndawerenganso mndandanda,
zonse zachongedwa, mzere ndi mzere.
Chimodzi chokha mwana wanga sanatchule.
Chili m'khosi mwangamu, pomwe chimakhala masiku onse,
manambala ake oyambirira anafufutika ndi chala changa.
Tepi siilemera kanthu.
Ndikakatsika, ndisanamwe ndi madzi omwe,
ndidzayamba ndi mapewa.