Msoko Usaoneke

A Makwinja a sitolo ya ku Limbe anaimba kachitatu:
"Ndikungofuna chakumbuyo, mwanangu,
choti maso apondepo osachiona,
mitengo ya simenti ndi misomali iwale pamwamba.
Koma msoko usaoneke."

Ndinakwera minibasi ya ku Ndirande
ndi foni yanga yosweka pakona,
ndinabwereka makwerero kwa aneba
kukajambula denga la kwathu.
Malata aja akadalipo,
dzimbiri lake ngati tiyi wogonera m'kapu,
ndi mizere mmene mvula ya zaka makumi awiri
inkatsetserekera.

Usiku, pa tebulo lobwereka ku Ginnery Corner,
ndinadula kachidutswa ka mbali zinayi zofanana.
Ntchitoyi ili ndi lamulo limodzi:
chotulukira kumanja chilowere kumanzere,
chogwera pansi chibwerere kumwamba,
ngati mwana amene mwamuthamangitsa kumaso
koma walowa kale chitseko cha kuseri.

Ndinakayala kanayi. Kenako kakhumi. Kenako kazana.
Denga lathu linakula,
linaphimba msika, linawoloka Nasolo,
likanafika ku Chileka ndikanapanda kulileka.

Koma panali bowo.
Padenga linali limodzi, la msomali wozuka;
pagalasi anali zana,
atafola ngati ana a sukulu Lolemba m'mawa,
ndipo diso likagwira limodzi, lagwira onse.

Bowolo ndimalidziwa.
Linkadonthera kumiyendo kwa bedi la Fatsani.
Tinkatchera chitini cha majarini,
iye n'kumawerenga madontho mokweza,
kulakwitsa dala kuti ndimukonze,
chaka chimene chifuwa chinakana kumusiya.
Bambo anakwerapo katatu ndi phula.
Katatu konse mvula inawaseka.

Magetsi anathima.
Kompyuta inati yatsala ndi mphindi khumi ndi zisanu.
Ndinatapa dzimbiri la pambali
n'kulipaka pabowo, pang'onopang'ono,
osapuma bwino,
ndipo limodzi litatsekeka
onse zana anatseka pakamwa.
Sizinanditengere ngakhale mphindi ziwiri, bambo.

M'mawa a Makwinja anayang'ana, nasendeza magalasi:
"Eya, ichi ndiye.
Sichikuoneka n'komwe."
Ndalama inalowa pafoni ndisanafike pa siteji,
anaikaponso yotapira.

Lero wina ku Chilomoni akufuna kudziwa mtengo wa laimu.
Chala chake chikukwera, chikutsika
padenga limene ndinagona pansi pake,
denga lopanda poyambira,
lopanda pothera,
losadontha.
Sakuliona. Ndiye kuti ntchito ndinaigwira.

Chithunzi choyamba chija sindinataye.
Chili m'chikwama, pa kafulashi kobiriwira,
pamodzi ndi makiyi ndi chiphaso.
Ndinachitcha fatsani_osafufuta.
Mvula ikayamba kumenya mawindo a mu Haile Selassie
ndimachitsegula, n'kuchikuza,
n'kuchikuzabe,
mpaka bowo lisanduke timabokosi takuda,
ndipo ndimawerenga,
kulakwitsa dala.