Dzina pa Boti la Baeza

Zaka makumi anayi ndakhala ndikulemba maina a maboti
pagombe la Caleta Portales, mu Valparaíso muno,
utoto woyera pathabwa lachikasu,
mzere uliwonse wowongoka ngati chingwe chomwe nsomba yakoka.
Lero msuzi umandithawa musupuni
usanafike pakamwa.

Zinayamba ndi chala chimodzi,
kenaka dzanja lonse lamanja,
kupukusa ngati likukana chinthu chomwe sindinalipemphe.
Kapu ya tiyi imalira pasosala, ngwe ngwe ngwe,
mpaka mphaka wanga anasamukira pawindo.

Dokotala Irarrázabal anandipatsa kapiritsi koyera.
Kanagwiradi ntchito, ndisaname.
Dzanja linakhala chete sabata yathunthu,
koma mtima nawo unayamba kuyenda mokoka miyendo,
zala zili zii mu Januwale, dzuwa likuswa mtengo,
ndipo masitepe okwera kwathu ku Cerro Barón
ndinkawapumira katatu, nditagwira khoma,
nyumba zamalata zofiira ndi zobiriwira zikuzungulira m'maso.

Anandisinthira ena, akumwa pogona.
Amenewo ndiye anandiponya pansi ngati thumba la mchenga.
Ndinkadzuka dzuwa lili pamutu, lilime lolemera,
kudzandira ngati wochokera kumowa
pamene vinyo sindinamulawe chimwalirire Fresia.
Mdzukulu wanga anandipeza ndikuyang'anitsitsa burashi,
nditaiwala chomwe ndinaitengera.

Ndiye anatulukira Nolberto, mnzanga wosewera naye domino,
ndi jumbo yodzaza timabotolo:
maginiziyamu, mavitamini, mafuta a nsomba,
ndi masamba ouma omwe mlamu wake amawalumbirira.
Mafuta a nsomba! Kwa ine, amene ndanunkha nsomba moyo wonse!
Ndinaseka mpaka botolo linapulumuka m'manja,
kapena mwina sikuseka kunaligwetsa.

Jumbo ija ndinapita nayo kuchipatala.
Dokotala anandandalika zonse patebulo,
magalasi pamphuno, kuwerenga timalemba ta kumbuyo.
Ili, anatero, likhoza kukangana ndi mankhwala anu ochepetsa kuundana kwa magazi.
Ili mwina silingakupwetekeni, koma musaliyembekezere zozizwitsa.
Ili tiyeze kaye magazi, tione ngati thupi likulisowadi.
Masamba aja anawanunkhiza, n'kuwakankhira pambali:
Sindikudziwa kuti n'chiyani ichi, ndipo inunso simukudziwa.

Tinanenerera ngati anthu a pamsika mpaka tinamvana:
theka la kapiritsi koyamba kaja,
khofi achepe,
kapu yolemera ya zogwirira ziwiri,
ndipo ndibwerenso pakatha milungu itatu
ndidzanene zoona zokhazokha.

Dzanja silinaleke ayi.
Langotsitsako mawu.

Lachiwiri lapitali anabwera Baeza wamng'ono.
Boti latsopano, akufuna dzina la mayi ake: Herminia.
Ndinamutambasulira dzanja kuti aone yekha.
Ndaliona, anatero, lembani.

Ndinatsamiritsa chigongono pabokosi la ayezi,
lamanzere litagwira lamanja pamkono
monga umagwirira mwana powoloka msewu.
H anatuluka ali chilili, wonyada.
Pofika pa m miyendo inali itayamba kuvina,
ndipo a wotsiriza anatsetsereka pang'ono
ngati akuthamangira kunyanja.

Ndinatola kansanza kuti ndifufute.
Baeza anandigwira paphewa.
Musiyeni, bambo. Likangolowa m'madzi,
chithunzithunzi cha dzinali chizinjenjemera chomwecho.
Inu mwangochitsogolera.

Anandilipira ndalama yake yonse, osachotsako,
n'kuwonjezera nsomba ziwiri zokulunga munyuzipepala.
Masitepe aja ndinawapumira kamodzi kokha,
mphepo yamchere ikundiwomba kumsana,
nsomba zikugwedezeka m'dzanja langa lamanja
ngati zikadali zamoyo.